Sikuludiraiva ya torque yomangira sikopu pamfuti: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndimawamva chaka ndi chaka, makamaka mvula ikakata, anthu atayamba kutulutsa mfuti m'makabati kuti azipukute. Ena amachokera kwa alimi a ku Chadiza ndi ku Katete amene nguluwe zawathera chimanga, ena kwa anyamata ogwira ntchito m'makampu a kuchigwa cha Luangwa, enanso kwa anzanga a muno mu Chipata okonda kuwombera chandamale Loweruka masana. Ndikulankhula ndi anthu amene mfuti zawo zili ndi laisensi, ndipo akafuna kusaka amayamba atenga chilolezo ku DNPW, dipatimenti ya boma yoyang'anira nyama zakutchire. Musanagwire kabawuti kalikonse, chotsani zipolopolo, tsegulani mfuti, muyang'ane m'kati ndi maso anu.

Kodi sikuludiraiva ya torque n'chiyani?

Maonekedwe ake ndi a sikuludiraiva yonenepa, koma m'chigwiriro mwake muli sipuling'i yoyeza mphamvu imene mukupotolera kabawuti. Mumaitchera pa nambala imene mukufuna, n'kuyamba kumanga. Mphamvu ikafika pa nambalayo, imalira kuti "thwa" kapena imadumpha, osapitirizanso kumanga. Mphamvu yopotolayo ndiyo amaitcha torque.

Bwanji osangomanga ndi dzanja? Akuluakulu akale ankatero, nyama n'kumadya ndithu.

Ankadyadi, sindikutsutsa. Koma ambiri a iwo ankawombera ndi maso, opanda sikopu (chipangizo cha magalasi choonera patali choikidwa pamwamba pa mfuti), ndipo amene anali nazo zinali zachitsulo cholimba. Masikopu ambiri a masiku ano chubu chake ndi cha aluminiyamu yopyapyala, ndipo m'kati mwake muli kachubu kena konyamula magalasi kamene kamayenera kuyenda momasuka mukamapotola timawilo tosinthira. Mukafinya kunja, zam'kati zimapanikizika.

Vuto la dzanja n'lakuti silidziwa malire. Dzanja lozolowera khasu, sipanala ndi chiwongolero cha thirakitala limaona ngati silinayambe n'komwe kumanga, pomwe ladutsa kale kawiri pa mlingo woyenera. Allen key imawonjezera ngoziyo, chifukwa mukaigwira kumchira wake wautali mphamvu imachuluka inu osamva.

Ine ndinaphunzira mowawa. Amalume anga anandipatsa mfuti yawo ya .30-06 kuti ndiwaikire sikopu imene anasungira ndalama za fodya nyengo yathunthu. Ndinamanga ndi mtima wonse kuti isadzasunthe. Titapita kukayesa, chipolopolo china chikugwa kumanja, china m'munsi, tikapotola kawilo palibe chosintha, kenaka n'kulumphira kutali kamodzin'kamodzi. Tinatha bokosi la zipolopolo tikudzudzula sikopu. Pomasula m'pamene tinaona mikwingwirima iwiri yolowa m'kati pachubu. Amalume sanandikalipire, anangoitenga n'kukaiika m'kabati, ndipo kukhala chete kwawoko ndimakukumbukirabe mpaka lero.

Palinso china chimene chimandikhudza kuposa ndalama. Mfuti yosalunjika imavulaza nyama m'malo moipha. Nswala yothyoka mwendo imakafera kutchire patapita masiku, ndipo njati yovulala imakhala ngozi kwa amayi otola nkhuni ndi ana opita kusukulu m'midzi ya ku Mambwe.

Ndili ndi torque wrench ya galimoto. Siingagwire ntchitoyi?

Ayi, isiyeni kugalaja. Zambiri za mtundu umenewo zimayambira cha pa 28 Nm (Nm ndi muyezo wa torque) kupita m'mwamba, pomwe timabawuti ta pamaringi, zitsulo zozungulira zogwira sikopu pamfuti, timafuna cha pa 2 Nm basi. Isanalire n'komwe, kabawuti kakhala kataduka.

Muno mu Chipata njinga ndi zambiri, ndiye ena amabwera ndi kakiyi ka torque ka okonza njinga zamakono, kolembedwa 5 Nm. Kameneko kayandikira, komabe kapitirira kawiri ndi theka pa zimene maringi ambiri amalola. Kangathandize pa bawuti yaikulu yogwira njanji, kachitsulo kotalika ka pamwamba pa mfuti pamene pamakhala maringi, ngati pepala la maringi likutero, koma osati pamwamba pogwira chubu.

Manambalawa akundisokoneza. Kodi in-lb, ft-lb ndi Nm n'chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene masikopu ambiri amafera. Zida zochokera ku America zimalembedwa mu in-lb, za ku Ulaya mu Nm. Gwirani izi pamtima: 1 ft-lb ndi 12 in-lb, ndipo 1 Nm ndi pafupifupi 8.85 in-lb. Munthu akawerenga 18 in-lb n'kutchera chida chake pa 18 ft-lb, wamanga kuchulukitsa ka 12.

Manambala amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awa: 15 in-lb ndi 1.7 Nm, 18 in-lb ndi 2.0 Nm, 25 in-lb ndi 2.8 Nm, 45 in-lb ndi 5.1 Nm, ndipo 65 in-lb ndi 7.3 Nm. Alembeni pakapepala, mukamate m'kati mwa chivindikiro cha bokosi la chidacho. Kuthengo netiweki imasowa, simudzakhala ndi pofunsa.

Ndiye ndigule yoyambira pati, yolekezera pati?

Ngati mukufuna chida chimodzi chogwira zonse pamfuti, funani choyambira pa 10 kapena 15 in-lb n'kufika pa 65. Chimenecho chimakwanira maringi, besi (kachitsulo komangidwa pamfuti kuti maringi akhalepo), bawuti yopingasa yogwirizitsa ringi kunjanji, ngakhalenso mabawuti ogwirizitsa chitsulo cha mfuti ndi mtengo wake. Wheeler F.A.T. Wrench, imene alenje ambiri amaidziwa, imayenda kuyambira 10 mpaka 65 in-lb. Ya Vortex imayenda kuyambira 10 mpaka 50.

Ngati mwapeza ya ku Germany, monga ya Wera kapena Wiha, yang'anani bwino malire ake, chifukwa iwo amagawa zida zawo m'magulu ang'onoang'ono. Wera 7441 imayenda kuyambira 1.2 mpaka 3.0 Nm, ndiye kuti ndi yabwino kwambiri pa maringi ndi besi, koma pa bawuti ya 65 in-lb siifika.

Langizo langa ndi ili: nambala imene mudzaigwiritse ntchito kwambiri isakhale kumapeto kwenikweni kwa chida. Chida choyambira pa 20 in-lb n'chosathandiza kwa munthu amene maringi ake amafuna 16.

Pali yodumpha, yolira, ya batire ndi yosasinthika. Yabwino ndi iti?

Yodumpha ndiyo ndimaikonda kwa munthu woyamba kumene. Ikafika pa mlingo imangozungulira yokha, ndiye ngakhale mukakamize simuwononga kanthu. Yolira imakuchenjezani ndi kaphokoso, koma ina ya mtundu umenewu mukapitiriza kupotola imapitirizanso kumanga, choncho ikangolira lekani pomwepo.

Ya batire imaonetsa manambala pakagalasi, ndipo zambiri zimatha kusintha kuchoka ku in-lb kupita ku Nm mwa kungodina batani. Zimenezi n'zokoma kwa wokonza mfuti wokhala pashopu. Koma yambiri mwa iyo siileka yokha, imangolira kapena kuyatsa kanyali, dzanja lanu ndilo liyenera kuima. Ndiponso batire limatha tsiku limene mwafika ku Lumimba, kutali ndi sitolo iliyonse, ndipo kutentha kwa m'chigwa mu Okutobala sikugwirizana ndi mabatire osiyidwa m'galimoto.

Yosasinthika ndi timitu ting'onoting'ono, kalikonse kotcheredwa kale pa nambala imodzi kufakitale. A Fix It Sticks amapanga tere, monga ka 15, ka 25, ka 45 ndi ka 65 in-lb. Ubwino wake simungalakwitse kutchera, ndipo timalowa m'thumba la malaya. Kuipa kwake n'kwakuti mukasintha maringi n'kupeza ofuna nambala ina, mugulanso kena.

Kwa mlimi kapena mlenje wa mfuti imodzi kapena ziwiri, ine ndimati yosinthika, ya sipuling'i, yopanda batire.

Tiuzeni tsono manambala omangira.

Nambala yeniyeni ili papepala limene linabwera ndi maringi anu ndi sikopu yanu. Limenelo ndilo lamulo, loposa zimene ndilembe pano kapena zimene mnzanu wakuuzani pa WhatsApp. Ngati pepala linatayika, dzina la wopanga limakhala litadindidwa pamaringi, ndipo ambiri amaika manambalawa pa intaneti.

Kuti mungodziwa dera lake: timabawuti ta pamwamba pa maringi, togwira chubu, nthawi zambiri timakhala pakati pa 15 ndi 25 in-lb. A Vortex amanena 15 mpaka 18 pa masikopu awo, pomwe a Warne amalemba 25 pa maringi awo ambiri achitsulo. Timabawuti togwirizitsa besi kumfuti timakhalanso m'dera lomwelo, malinga ndi kunenepa kwake. Bawuti yopingasa, yogwira njanji ya Picatinny kapena Weaver, imasiyanasiyana kwambiri: ina yaing'ono imafuna 25 kapena 30, pomwe ya nati yaikulu ya theka la inchi kawirikawiri imafuna 65.

Samalani ndi mfuti zimene chitsulo chake chapamwamba ndi aluminiyamu, monga .22 zina. Mazinga a m'mabowo ake amatha msanga, ndipo akatha ntchito yake ndi ya wokonza mfuti.

Wopanga maringi akuti 25, wopanga sikopu akuti osapitirira 18. Ndimvere ndani?

Pa timabawuti togwira chubu, tengani nambala yaing'onoyo. Maringi akhoza kupirira zambiri, koma chofinyidwa ndi sikopu, ndipo ndiyo yodula. Mukayesa n'kuona kuti ikutsetsereka, werengani yankho la funso lonena za sikopu yosuntha m'munsimu musanaganize zowonjezera mphamvu.

Nanga mabiti? Ndingagwiritse ntchito aliwonse?

Anthu amaika mtima pa chida n'kuiwala kamutu kolowa m'kabawuti, pomwe ndiko kamawononga zambiri. Onetsetsani kuti chida chanu chimalandira mabiti wamba a 1/4 inchi, kuti lina likatha mudzapeze lolowa m'malo pahadiweya iliyonse.

Maringi ambiri a tsopano ali ndi mitu ya nyenyezi, ya Torx, makamaka T15, ena T10, T20 kapena T25. Ena ndi a Allen, ndipo apa pali msampha: pali a mamilimita ndi a mainchi. Biti ya 2.5 mm ndi ya 3/32 inchi zimaoneka zofanana m'maso, koma yachiwiriyo ndi yocheperako pang'ono. Mukailowetsa m'mutu wa 2.5 mm imagwira poyamba, kenaka n'kudya makona, mutu n'kukhala wobulungira. Popeza kuno tili ndi mfuti zambiri za Brno ndi CZ zochokera ku Czech, zosakanikirana ndi maringi a ku America, n'kwanzeru kukhala ndi mitundu yonse iwiri.

Timabawuti takale ta mng'alu umodzi timafuna biti yodzaza mng'alu wonse, m'litali ndi m'mimba mwake. Ikakhala yopyapyala imatereka n'kukanda mfuti. Biti yopindika kapena yotha milomo itayeni, musaimvere chisoni.

Kodi ndithire Loctite, mankhwala omata mazinga kuti kabawuti kasamasuke?

Pa besi, kadontho kamodzi ka ya buluu, 242 kapena 243, n'kabwino ngati wopanga sanaletse. Besi mukaimanga simuigwiranso kwa zaka, ndipo misewu yathu yafumbi imagwedeza mfuti kuposa mmene kuwombera kumachitira.

Pa maringi ine sindithira. Loctite ikadali yamadzi imatereretsa mazinga ngati mafuta, ndiye pa 18 in-lb yomweyo kabawuti kamalowa kwambiri n'kufinya chubu mopitirira. A Vortex amaletsa pa chifukwa chimenechi. Mafuta nawonso amatero, n'chifukwa chake mabowo ndi timabawuti tatsopano muyambe mwatipukuta ndi sipiriti, tiume.

Yofiira, monga 271, musaiyandikize. Kuti imasuke imafuna moto, ndipo moto ndi sikopu sizionana. Supagulu nayenso ayi. Ndaonapo mfuti imene besi yake inachotsedwa pochita kuboola timabawuti tonse chifukwa cha iye.

Chida ndagula. Kamangidwe kake n'kotani?

Yambani ndi besi. Lowetsani timabawuti tonse ndi zala kaye, kenaka mumange kamodzikamodzi mpaka pa nambala yake. Mukatha tsegulani ndi kutseka boti ya mfuti, chitsulo chokankhira chipolopolo m'mpope, kangapo. Ikamakhula, kabawuti kena n'katali, katulukira m'kati.

Ikani zigawo za m'munsi za maringi. Ngati ndi njanji ya mipata, kankhirani ringi iliyonse kutsogolo, kumene kuli mlomo wa mfuti, mpaka bawuti yopingasa itagunda khoma la mpata wake, ndipo mumange ili pomwepo. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo, sikopu n'kumafuna kutsalira kutsogolo, ndiye ndi bwino ipeze potsamira kale.

Gonekani sikopu, vindikirani, koma musamange. Nyamulani mfuti paphewa monga mmene mumawomberera, mutatseka maso, ndiye mutsegule. Sunthani sikopu mpaka chithunzi chidzaze popanda mdima m'mbali. Pa masikopu ambiri diso limakhala masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pagalasi, ndipo pa .375 H&H kapena .458 musafupikitse mtunda umenewu, kuopa kung'ambika pachikope. Maringi asagunde pamene pali timawilo pakati, kapena pamene chubu chayamba kufutukuka. Kuti mtanda wa m'kati mwa sikopu uime chilili, mangirirani mwala kuchingwe, mupachike panthambi ya mango chapatali, mulinganize mzere woimirira ndi chingwecho mfuti ili yosapendekeka.

Tsopano kumanga. Pitani mopingasa ngati mmene mumamangira tayala la galimoto, pang'onopang'ono, uku mukuyang'ana kuti mpata wa pakati pa zigawo ziwiri za ringi ukhale wofanana kumanja ndi kumanzere. Kampata kameneko kayenera kutsala, si kuti mumange mpaka zitsulo zikumane. Ine ndimayamba ndi 10 in-lb kuzungulira tonse, kenaka n'kukwera pa nambala yomaliza. Gwirani chida chowongoka, potolani mwaulemu osadzutsa, ndipo chikalira kamodzi pa kabawuti kalikonse, zungulirani kachiwiri kutsimikiza, basi. Kuliza kasanu pamalo amodzi kumangowonjezera mphamvu imene simunaifune.

Ndamanga pa nambala yoyenera koma sikopu ikusunthabe. Ndiwonjezere?

Musathamangire kuwonjezera. Choyamba dziwani chimene chikusuntha. Lembani kamzere ka pensulo pachubu, m'mphepete mwa ringi, muwombere katatu, muone ngati kachoka.

Ngati chubu chikutsetsereka, kawirikawiri ndi mafuta otsalira m'kati mwa maringi, kapena maringi si a saizi yake. Chubu cha inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndipo sichingagwidwe bwino ndi maringi a 30 mm ngakhale mupatsire mapepala kapena mphira wa chubu cha njinga. Sikopu yolemera pamfuti yokankha kwambiri imafuna maringi otambalala, a timabawuti tinayi kapena kuposa, osati mphamvu yowonjezera pa tiwiri.

Ngati ikugwedera ndi besi, yang'anani kabawuti ka kutsogolo kwenikweni. Pamfuti zambiri bowo lake ndi losaya chifukwa m'munsi mwake muli mazinga a mpope. Kabawuti kakatalika kamagunda pansi, chida n'kulira ngati zatheka, pomwe besi siinapanidwe. Kayeseni kokha, ena onse atamasulidwa. Besi ikamayendabe, kafupikitseni pang'ono ndi fayilo.

Onaninso ngati maringi ndi a njanji yanu. Mipata ya Picatinny ndi yotakasuka kuposa ya Weaver. CZ 550 ili ndi njanji yakeyake ya 19 mm, pomwe .22 za CZ zochokera ku Ulaya zambiri ndi za 11 mm, ndipo maringi a 3/8 inchi a ku America sakhala bwino pamenepo.

Mfuti ya mpweya ya sipuling'i ili ndi khalidwe lake. Imakankha m'mbuyo kenaka kutsogolo, ndipo sikopu imayenda chobwerera m'mbuyo. Mankhwala ake ndi maringi okhala ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pamwamba pa mfuti.

Ndingadziwe bwanji kuti chida changa chikunena zoona?

Zida zabwino zimabwera ndi satifiketi yosonyeza kuti zinayesedwa. Muyezo wa ISO 6789 umalola sikuludiraiva ya torque kuphonya ndi 6 peresenti m'mwamba kapena m'munsi, ndipo umalangiza kuyesanso pakatha miyezi 12 kapena ikagwira ntchito ka 5,000. Kwa ife omanga masikopu awiri kapena atatu pachaka, sipuling'i siitopa msanga, koma kugwa pasimenti kumaisokoneza.

Pakhomo mukhoza kuyesa chonchi. Panani chigwiriro chake pavayisi chitagona, mutakulunga nsalu, osafinya kwambiri. Kumutu kwake mangiriranipo kandodo kopingasa, kotalika mofanana mbali zonse kuti kasalemere mbali imodzi. Pa masentimita 20 kuchokera pakati, kolowekani botolo lapulasitiki lopepuka lokhala ndi lita imodzi ya madzi, imene imalemera kilogalamu imodzi. Kandodo kali chogona bwinobwino, mphamvu imeneyo ndi 1.96 Nm, kapena kuti kupitirira pang'ono 17 in-lb. Mukatchera pa 15 chiyenera kudumpha, mukatchera pa 20 chisadumphe. Si muyezo wa kulabotale, koma chida chonama kwambiri chimagwidwa pomwepo.

Ndichisunge bwanji?

Mukatha ntchito, chibwezereni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ipume. Musamasulire nacho mabawuti ogwira dzimbiri, imeneyo ndi ntchito ya sikuludiraiva wamba. Chizikhala m'bokosi lake, kutali ndi fumbi ndi chinyontho cha dzinja.

Ndingachipeze kuti, ndipo zotchipa za pa intaneti n'zodalirika?

M'mahadiweya a ku Down Shops chimene ndimachiona kawirikawiri ndi torque wrench yaikulu ija ya galimoto. Kakang'onoka anthu ambiri amaitanitsa ku Lusaka m'masitolo a mfuti ndi a zida za amisiri, kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg. Ndi chida wamba, sichifuna laisensi, koma mukaitanitsa kunja kumbukirani msonkho wa ZRA powerengera mtengo. Potuma munthu, mulembereni malire ake ndi mayunitsi ake, mutumizenso chithunzi, chifukwa mukangoti "torque" akubweretserani ya matayala.

Zotchipa zopanda dzina zilipo zabwino, zilipo zoipa. Ndinagulapo ina imene manambala ake anafufutika m'miyezi yochepa, ndipo poyesa ndi botolo la madzi lija inkadumpha mochedwa. Mukagula yotere iyeseni isanakhudze sikopu. Yang'ananinso kuti manambala akhale ozokotedwa pachitsulo kapena otetezedwa ndi kagalasi, ndiponso kuti pakhale potsekera kuti nambala isasinthe m'manja mukumanga.

Ngati ndalama zavuta, sonkhani anthu atatu kapena anayi mugule chimodzi chabwino. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chida ichi munthu amachifuna masiku ochepa pachaka. Chofunika n'kugwirizana amene azichisunga, ndipo wobwereka azibweza ndi mabiti ake onse.

Ndikamanga kamodzi, ndiye kuti zatha?

Mukatha kumanga, donthezani kakyutekisi kakang'ono pamutu pa kabawuti kalikonse, kogwira mutu ndi ringi pamodzi. Kakadzang'ambika mudzadziwa kuti kabawutiko kayenda. Mukawombera zipolopolo 10 kapena 20 zoyamba, pitaninso ndi chida pa nambala yomweyo, makamaka pa bawuti yopingasa. Timabawuti ta besi tothiridwa Loctite musatipotolenso, mungaswe chomatira chimene chauma kale.

Kuyambira pamenepo, yang'anani nyengo yosaka isanayambe, mfuti ikagwa, ndiponso mukayenda ulendo wautali pamsewu woipa. Tala wa ku Mfuwe alibe vuto, koma mukangopatuka kulowera ku Lupande kapena kukwera chakumpoto ku Luambe, mfuti imavina m'galimoto maola ambiri. Mukafika pakampu, musanapite kutchire, imikani katoni pa mamita 100 kutsogolo kwa chulu chachikulu, muwombere katatu. Zipolopolo zikagwa pamene zinkagwa kunyumba, chida chibwerere m'bokosi. Zikapanda kutero, yambani ndi kuyang'ana kyutekisi uja musanagwire timawilo ta sikopu.